Sabata la atsikana achiyuda ku Magaliesburg: m'mene ntchito yayendera

Lolemba, 13 Januwale 2025: kusankha tsiku

Sunagoge amene ndimaphikirako ku Glenhazel, kuno ku Johannesburg, ali ndi gulu la atsikana a zaka 14 mpaka 16. Amakumana Lamlungu lililonse, koma a Rebbetzin, akazi awo a rabi, aona kuti ngakhale anawa amakhala m'chipinda chimodzi, ali m'timagulu titatu: a sukulu ya atsikana okhaokha, a sukulu yachiyuda yophunzira anyamata ndi atsikana, ndi ochepa a sukulu wamba. Moni amapatsana, koma pokhala aliyense amafuna wakwawo. Ndiye aganiza zowatengera kunja kwa tauni kuti akasunge Sabata pamodzi, kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu. Eni ake ulendo woterewu amati Shabbaton. Zophunzitsa ndi masewera ndi za a Rebbetzin ndi madrichot asanu ndi mmodzi, atsikana akuluakulu a ku yunivesite amene amalangiza anawa. Ine andipatsa malo ogona, basi, khitchini ndi kaundula wa ndalama. Sindine Myuda, ndipo zimenezi zili ndi mbali yake pa ntchitoyi, muona kutsogoloku.

Kalendala yawo ndi yothina. Chikondwerero cha Purim chili pa 14 Malichi, Pasika akuyamba madzulo a pa 12 Epulo ndipo milungu ya m'mbuyo mwake amayi onse amakhala akukolopa ndi kupukuta m'nyumba. Pasika akatha pamabwera milungu imene ambiri samvera zoimbira. Seputembala ndi Okutobala ndi zikondwerero zokhazokha, Novembala mayeso, Disembala ana amapita ku makampu a kunyanja. Tatsala ndi 21 mpaka 23 Febuluwale. Alembetsa atsikana 34.

Lamlungu, 19 Januwale: malo

Malo oyamba amene tinakaona kufupi ndi Hartbeespoort anali okongola, koma makomo a zipinda amatsegulidwa ndi khadi la magetsi, ndipo m'makonde muli nyale zoyaka zokha munthu akadutsa. Pa Sabata anawa sayatsa kapena kuzimitsa chilichonse cha magetsi, ngakhale mwa kungodutsa pafupi. Eni malowo anati sangazichotse. Tinatsanzika.

Tatenga kafamu kolandira alendo cha ku Magaliesburg, msewu wa R24 kudutsa Krugersdorp, pafupifupi ola ndi theka pa basi. Makiyi ndi achitsulo, pali nyumba zisanu ndi imodzi zogona, holo yofolera udzu, dziwe losambira, ndipo atilola kutenga malo onse tokha. Chimenechi sitikananyengerera, chifukwa atsikanawa saimba kapena kusambira pamene pali amuna. Mtengo ndi R380 munthu mmodzi usiku umodzi. Anthu 44, mausiku awiri, R33,440. Kanyumba ka pageti, kogona a rabi ndi anyamata awiri achitetezo ochokera ku CSO, gulu loteteza Ayuda, tawonjezera R1,500. Dipoziti theka.

Wosamalira munda pamalopo ndi mnzathu wa ku Mangochi. Nditamva akuyankha foni m'Chiyao ndinawapatsa moni, ndipo m'mphindi zochepa anali atandionetsa zimene mwini malo sanatchule: pamene madzi amadikha mvula ikagwa, kumene kuli bokosi la magetsi, ndi mtengo umene apusi amatsikira.

Lamlungu, 26 Januwale: khitchini

Khitchini ya pamalopo sitingaigwiritse ntchito mmene ilili. Miphika, mapani ndi uvuni zaphikirapo chilichonse, nkhumba ndi yomwe. A mashgiach, woyang'anira kuti chakudya chikhale kosher, kutanthauza chololedwa ndi malamulo achiyuda, anaiyang'ana uvuniyo, anapalasa mafuta ouma ndi chikhadabo, n'kunena kuti kuitsuka ndi kuiwotcha mpaka ivomerezeke ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo mwina utoto uwonongeka tilipitsidwe. Tagwirizana kuti uvuniyo timate tepi, tisaikhudze. Zowotcha zonse tiwotcheratu Lachinayi ku shul, dzina limene iwo amatchulira sunagoge. Kumeneko tingotenthetsa ndi kuphika zamumphika, pa mbaula za gasi zathu. Matebulo tikuta ndi pulasitiki yokhuthala, m'sinki tiikamo mabeseni athu.

Nyama ndi mkaka siziphikidwira pamodzi, sizidyedwa pamodzi, ndipo chilichonse chili ndi ziwiya zake. Kunyamula makhitchini awiri pa ngolo imodzi n'kudzivutitsa. Ndiye khitchini yonse ikhala ya nyama. Mkaka ukhala pa tebulo limodzi pakhonde, m'mawa mokha, wa tiyi ndi sirilo, m'makapu otaya. Mbale, mafoloko ndi makapu zonse zotaya: R2,400. Zimandiwawa kuona zinyalala zochuluka chonchi, koma kutsuka mbale za anthu 47 popanda madzi otentha a mu mpopi sindikufuna.

Tagula miphika iwiri ikuluikulu yatsopano pa ndalama za shul. Chiwiya chatsopano chachitsulo kapena chagalasi amayamba achimiza m'madzi a mikveh, dziwe lawo la mwambo woyeretsa, asanachigwiritse ntchito, ndipo wochimiza akhale Myuda. Madricha mmodzi wapita nayo.

Lolemba, 3 Febuluwale: magetsi abwerera ku khalidwe lawo

Lachisanu lapitali magetsi anayambanso kuzima mosinthana madera, patatha miyezi yambiri tili pa mtendere. Izi zatisokonezera dongosolo. Chakudya cha masana pa Sabata ndi cholent: nyama ya ng'ombe, nyemba, balere, mbatatesi ndi anyezi, zoikidwa pamoto Lachisanu dzuwa lisanalowe n'kumabwadamuka pang'onopang'ono mpaka mawa lake masana. Timafuna kuiika pa mbaula yamagetsi yathyathyathya imene amati plata. Koma magetsi akazima 2 koloko usiku n'kubwera 4:30, mphika wa malita 30 wa nyama ndi nyemba ukhala wofunda maola awiri ndi theka m'nyengo yotenthayi. Ana 34 kutsegula m'mimba tsiku limodzi, ndani angazikwanitse?

Pamalopo pali jenereta koma ndi yokoka chingwe, ndipo iwo sangandiuze ine kapena wantchito wina kuti tiwalizire pa Sabata. Lamulo lawo ndi lakuti chimene iwo sangachite, sangatumenso munthu amene si Myuda kuti awachitire, pokhapokha pakhale matenda kapena vuto lalikulu. A rabi atiuza kuti tibwerere ku njira ya agogo awo: moto wa gasi wochepetsetsa, pamwamba pake chitsulo chathyathyathya chotchedwa blech, miphika pamwamba pa chitsulocho, mabatani a mbaula ataphimbidwa. Chitsulocho atidulira kwa owotcherera, 60 cm ndi 90 cm. Pamodzi ndi silinda ya gasi ya 19 kg ndi paipi yatsopano zakwana R1,150. Madzi a tiyi nawo akhala mumphika pa blech yomweyo m'malo mwa thanki yamagetsi. Popeza moto uyaka usiku wonse, mawindo a khitchini akhala otsegula, chozimitsira moto pakhomo, ndipo ine ndi mayi amene ndikuphika nawo tigona chipinda choyandikana ndi khitchiniyo.

Lamlungu, 9 Febuluwale: mpanda

Apa ndi pamene pakanatigwetsa tikanapanda kupita ndi a rabi. Pa Sabata sanyamula kanthu kuchoka m'nyumba kupita pabwalo, ngakhale botolo la madzi kapena buku la mapemphero, pokhapokha malowo akhale ozunguliridwa ndi mpanda wovomerezeka, umene amati eruv. Ku Glenhazel ulipo kale wozungulira dera lonse, moti ana ambiri sakumbukira n'komwe kuti ulipo. Ku famu kulibe. Nyumba zisanu ndi imodzi zija zamwazikana pa kapinga, holo ili patali.

A rabi anayenda ndi tepi yoyezera m'mbali mwa waya yense. Waya wake ndi wamtali mokwanira, amafuna wosachepera pafupifupi mita imodzi, koma pali mipata iwiri: polowera magalimoto, mamita 6 m'lifupi, ndi kumunsi kumene waya anagwa ndi madzi osefukira. Mpata wopitirira pafupifupi mamita 5 umafunika kuoneka ngati khomo: mtengo uku, mtengo uku, chingwe pamwamba. Chingwecho chidutse pamutu penipeni pa mtengo, osati kumangidwa m'mbali. Achimwene a ku Mangochi aja poyamba anachikulunga m'mbali monga timachitira ndi chingwe choyanikira zovala, a rabi anapukusa mutu. Tinakhoma msomali pamutu pa mtengo uliwonse, kuupinda, n'kudutsitsamo chingwe cha mbedza chokhuthala. Polowera magalimoto mitengo yake ndi ya mamita 4.5 kuti basi idutse pansi. Mitengo inayi, simenti thumba limodzi, chingwe ndi misomali: R640.

Dziwe losambira limaonekera kumsewu wa mathirakitala. Tagula neti yobiriwira yotchingira dzuwa, mamita 25, R780, tiimangirira pa mpanda wa dziwelo.

Lachitatu, 12 Febuluwale: mapepala, mankhwala, ndalama

Mafomu a makolo abwera 31, atatu tikuwalondola. Mwana mmodzi ali ndi shuga ndipo insulin yake imafuna furiji. Awiri sadya mtedza, mmodzi mwa iwo amayenda ndi jakisoni wake. Mmodzi sadya tirigu, timugulira challah, mkate wa Sabata, ya ufa wa oats. Ndachotsa mtedza pa chakudya chonse, kusiyana n'kumalondera mbale. Mayi wa mmodzi mwa atsikanawa ndi namwino ndipo avomera kupita nafe. Ambulansi ya Hatzolah imene anthuwa amadalira ili mu Johannesburg, kutali ndi ife, ndiye talemba chipatala chapafupi ku Krugersdorp, ndipo galimoto imodzi igona yoloza ku geti, kiyi ali kwa namwino. Moyo wa munthu ukakhala pangozi, malamulo a Sabata amayamba aima, foni imaimbidwa, galimoto imalizidwa. A Rebbetzin anandiuza zimenezi kawiri kuti ndisadzazengereze.

Aliyense akulipira R1,800. Mabanja asanu sangakwanitse, alipira theka, ndipo akudziwa ndi a Rebbetzin ndi ine basi. Achitetezo apempha kuti dzina la malo lisalembedwe pa Instagram kapena pa gulu la WhatsApp la ana mpaka titabwerako. Makolo tawauza mmodzimmodzi.

Basi: R8,800 kupita ndi kubwera. Ngolo yokoka katundu: R900.

Lachiwiri, 18 Febuluwale: masewera agwa, tishu wakanidwa

Madrichot anabweretsa ndondomeko yawo: kuluka zibangili za mikanda, kulemberana timakalata, kunyika masikipa mu utoto. A Rebbetzin anawakumbutsa akuseka kuti zonsezi anaziika Loweruka masana, pamene salemba, sadula, samanga mfundo zokhalitsa, sapaka utoto. Zasunthidwira usiku wa Loweruka ndi Lamlungu. Za masanawo asindikiziratu timakadi ta mafunso, awiriawiri azifunsana akuyenda mkati mwa mpanda. Ndinawapempha kuti asindikizenso nyimbo za Sabata m'zilembo zachilatini pambali pa zachihebri, chifukwa ndimaona ku shul ana a sukulu wamba aja amangogwedeza milomo anzawo akamaimba. Zosindikiza: R520.

Sang'ambanso pepala la kuchimbudzi pa Sabata. Kunyumba zawo ambiri amaika tishu wa m'bokosi. Mwini malo atamva anakana kwamtuwagalu: tishu wakumaso sasungunuka, atseka thanki ya zonyansa, ndipo woitsegula tilipira ife. Tidula mipukutu wamba ndi sizasi Lachinayi. Sopo akhala wamadzi.

Mvula yagwa sabata yonseyi osapuma. Tinkafuna Febuluwale chifukwa kumatentha. Walira mvula walira matope.

Lachinayi, 20 Febuluwale: kukanda challah

Ili ndi gawo limene ndingalimbikitse aliyense wokonza zotere. Mayina a ogona chipinda chimodzi tinawasakaniza dala, sukulu zonse zitatu m'nyumba iliyonse, ndipo tinadziwa kuti padzakhala kulira. A Rebbetzin anati kuliraku kuchitike lero m'holo ya shul, osati mawa ku famu dzuwa likulowa. Atsikana anafika 5 koloko, aliyense anapeza dzina lake pa beseni. Mabeseni asanu ndi limodzi, lililonse thumba la ufa wa tirigu la 2.5 kg, yisiti, shuga, mafuta, mchere ndi mazira. Anthu a beseni limodzi ndiwo a nyumba imodzi.

Mphindi zoyamba kunali nkhope zokwinya. Mtsikana wina anapita kwa madricha kukanong'oneza kuti mayi ake aimba foni. Koma ufa sudikira munthu. Dzira lililonse amaliswera m'kapu yagalasi kaye, kuliyang'ana ngati muli kadontho ka magazi, kenako n'kuliponya mu beseni. Ufa amasefa kuti aone ngati muli tizilombo. Pa beseni lachitatu wodziwa kuluka nthambi zisanu ndi imodzi anali kamtsikana kachete ka ku sukulu wamba, kanaphunzira kwa agogo ake, ndipo a sukulu ya atsikana okhaokha aja, amene amadziwa madalitso onse pamtima, anaunjikana pambuyo pake kuonera zala zake. "Pamwamba pa ziwiri, pansi pa imodzi," kanatero kosadzutsa mutu. Ufa wa 2.5 kg ndi wokwanira kuti apatule kachidutswa ndi dalitso monga mwa lamulo lawo, ndiye beseni lililonse linasankha mmodzi woti anene, ena n'kuyankha ameni. Uvuni anayatsa ndi madricha. Pamene mikate inkafufuma anakhala pansi kudula mapepala a kuchimbudzi mipukutu 40, ntchito yopusa imene inawaseketsa kuposa masewera alionse amene anasindikizidwa.

Anakandanso ufa wowonjezera, mikate yake makolo anagula pakhomo: R3,200 yalowa. Foni ya mayi uja inabweradi usiku. A Rebbetzin sanasinthe chipinda.

Ife kukhitchini tawotcha nkhuku, kugel (mbatatesi yopala yowotcha mu uvuni), makeke opanda mkaka. Letesi ndi burokoli ndazisiya, kuziyang'ana tizilombo tsamba ndi tsamba kumadya nthawi. Saladi ndi wa nkhaka, tomato, kaloti ndi kabichi wogula woyang'aniridwa kale. Nyama ndi nkhuku za ku butchala ya chidindo cha Beth Din, bwalo la arabi lovomereza zakudya: R9,600. Zakudya zina zonse: R11,300.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Ndinanyamuka m'mawa ndi ngolo, atsikana akadali kusukulu. Nyama ikamayenda ndi munthu amene si Myuda imafunika ikhale yomatidwa, ndiye a mashgiach anamata mabokosi ozizira ndi tepi n'kusainapo m'Chihebri. Pa bampu lina kupitirira Krugersdorp bokosi limodzi linatsetsereka, tepi inaduka. Ndinajambula chithunzi pomwepo osatsegula, ndinatumiza kwa a rabi. Anafunsa ngati mapaketi a mkati ali ndi chidindo cha butchala chosang'ambika. Anali nacho. Anati pitirizani. Mukamanyamula, mangani mabokosiwo ndi lamba, ndipo nyama yophika kale, imene ilibe chidindo cha butchala, muimate kawiri.

Moto wophikira amayatsa Myuda, ine ndimapitiriza. Madricha amene ndinapita naye anayatsa mbaula zonse 11 koloko n'kupita kukayala mabedi. Mphepo ya mvula inalowa pawindo, moto wa msuzi unazima, ndipo tinakhala tikuuyang'ana mphika, machesi ali pa tebulo, mpaka achimwene aja atakamuitana ku nyumba yakumapeto. Tinataya pafupifupi theka la ola. Kuyambira pamenepo madricha mmodzi sanachoke m'khitchini, ndipo tinatchinga mbaula ndi tebulo logoneka cham'mbali.

Basi inafika 3:30, inatitimira pang'ono pa geti, thirakitala inaikoka. Cha m'ma 4:30 kunagwa chimvula cha mabingu, nthambi inadula chingwe cha eruv kumunsi kuja. Achimwene anakwera makwerero mvula ikadali kuwaza, a rabi atagwira pansi. Apusi anapezerapo mwayi, analowa pawindo la holo n'kuthawa ndi challah ziwiri. Zinatsala zokwanira, koma mawindo a khitchini amene ayenera kukhala otsegula usiku tinawamanga waya wa nkhuku mothamanga.

Ola lomaliza ndi kuzungulira ndi tepi: babu la mu furiji kulimasula, mipopi ya madzi otentha kuimata, maswichi a m'zimbudzi kuwasiya oyaka n'kuwamata, a m'zipinda zogona ozima. Mafoni 34 analowa m'bokosi la nsapato, lililonse m'kathumba ka dzina. Awiri anabisa, madricha wawo anangotambasula dzanja osalankhula. Makandulo anayatsa 18:15, pa tebulo lokutidwa ndi foyilo kutali ndi denga la udzu, ngakhale dzuwa limalowa cha m'ma 18:45. Ikakwana nthawi imeneyi chimene chalakwika chalakwika, chidikira mawa usiku.

Ndipo chinalakwika chinalipo. M'nyumba yachinayi wina anayatsa getsi la kuchipinda pofunafuna ndolo tepi isanamatidwe, linatsala loyaka, babu lowala ngati la m'sitolo. A rabi atatha kiddush, dalitso la Sabata lonenedwa pa madzi a mphesa, n'kubwerera ku geti, chakudya chitatha, a m'nyumbayo anabwera kudzaima pakhomo la khitchini. Sanandipemphe. Ankangonena okhaokha kuti koma ndiye kukuwala. A Rebbetzin anawabweza, anati palibe wodwala, nyamulani matiresi. Anasamukira m'nyumba yachitatu, atsikana 12 ndi madrichot awiri m'malo a anthu asanu ndi awiri. Tinkawamva akuseka mpaka cha m'ma 2 koloko.

Loweruka, 22 Febuluwale, usiku

Blech yagwira ntchito. Cholent inapsa bwino, pansi pokha inagwira pang'ono chifukwa madzi ndinaika ongokwanira. Mumphika waukulu chonchi madzi apitirire chakudya ndi zala zitatu, popeza kuthira ena ozizira pa Sabata sikuloledwa. Gasi watha pafupifupi theka la silinda.

Timakadi ta mafunso tinayenda mphindi 20, kenako ana anatisiya pa udzu. Chimene chinawagwira ndi kugona pa mabulangete pansi pa mtengo, osachita kanthu, popanda foni yoti athawireko. Madrichot ankada nkhawa kuti ndondomeko yafa. A Rebbetzin anati asiyeni.

Madzulo achimwene anabwera kudzandinong'oneza kuti, "Achemwali, alengeza, magetsi ayambanso kuzima." Cha m'ma 6 koloko anazimadi. Namwino anasamutsa insulin m'kabokosi ka madzi oundana kamene tinakonzeratu. Atsikana anali pa chakudya chachitatu cha Sabata, akuimba, amuna onse titawapempha akhale cha ku geti. Mapepala a nyimbo aja anathandiza mpaka mdima utawalanda, kenako ankangotsatira anzawo. Cha m'ma 19:20 a rabi anabwera kudzatseka Sabata ndi havdalah, kandulo yolukidwa, madzi a mphesa ndi zonunkhira, kenako jenereta inalira. Nkhuni za moto wa panja zinali zonyowa, tinayatsa ndi makatoni a mazira ndi makala a mwini malo. Mafoni sitinabweze mpaka m'mawa, ndipo amene anafunsa ndi ochepa.

Lamlungu, 23 Febuluwale

Kusambira 9 mpaka 11, wopulumutsa osambira wamkazi wochokera ku Krugersdorp, R900. Kumupeza kunavuta kuposa basi, yambani kumufuna nthawi idakalipo. Utoto wa masikipa unathimbiritsa simenti ya pakhonde, tinakwecha ndi bulichi tisananyamuke. Timakalata analemberana m'basi.

Lachitatu, 26 Febuluwale: kaundula

Zonse zatuluka R76,430, kuphatikizapo R4,500 ya ife awiri a kukhitchini ndi achimwene a kumunda. Zalowa: R52,200 kwa mabanja 29, R4,500 kwa asanu aja, R15,000 ya shul, R3,200 ya challah. Zonse R74,900. Tapelewera R1,530, kholo lina latseka.

Nkhuku inatsala yambiri, atsikana a msinkhu uwu amadya challah, saladi ndi keke, ndiye ulendo wina ndichepetsa nkhuku ndi gawo limodzi mwa magawo anayi n'kuwonjezera mkate. Mitengo ya eruv mwini malo walola kuti ikhale, chingwe chokha ndicho chidzafunike kuyang'ananso. Blech, neti ndi miphika zili m'sitolo ya shul, ndalembapo "nyama" ndi utoto wofiira. A Rebbetzin akufuna ulendo wina kumapeto kwa Okutobala, zikondwerero zikatha mayeso asanayambe, ndipo mwini malo akufuna dipoziti pofika Juni.